Eni Mawu

A Namakhwa anandibwezera pepala
litafiira ngati pophera nkhuku.
"Mawu awa ndi a yani? Nanga awa?
Khasu lobwereka umatchula mwini wake
ngakhale munda uli wako."

Ndiye Loweruka ndinakwera kabaza ku Chinamwali,
mitambo itakhala paphiri ngati alendo osatsanzika,
mpaka ku laibulale,
kumene Mayi Chikhwaza amalanda zikwama pakhomo
n'kukuyang'ana ngati waba kale.

Nthano yaitali ija ndinaiwerenga kawiri.
Chaka chimene Chilwa inaphwa,
mayi wogulitsa matemba anakoka chitseko m'bandakucha,
nachoka, ana ali m'tulo,
osatenga ngakhale chitenje chachiwiri.
Funso langa linali limodzi:
anachokeranji?

Pa shelefu ya pansi penipeni ndinapeza magazini a akatswiri,
onunkha chinyezi, njenjete zitadya dzina la mkonzi.
Pulofesa wina akuti kunali kudzikonda.
Wina, zaka zisanu pambuyo pake, akuti ayi,
ndipo akulongosola bwino ndithu mpaka tsamba 46,
pamene wanjala wina kuposa ine
anang'amba masamba atatu n'kupita nawo kwawo.
Chiganizo chathera pa "chifukwa".

Ndinakopera zonsezo.
Dzina la makolo poyamba, kenako chaka,
mutu, mzinda, wosindikiza.
Mpatuliro apa, mpumiro apo,
mitengero ngati mpanda wa minga
kuti mbuzi zanga zisadye za mwini.

Usiku magetsi anazima.
Pa foni ndinapeza nkhani yokoma zedi,
yopanda mwini, yopanda tsiku,
yongoyendayenda yokha ngati nkhuku yosokera.
Ndinameza malovu.
Bandulo inatha ndisanachimwe.

Azakhali anga ankawerenga ndalama za kumsika pa tochi,
za mazana kuno, zong'ambika uko.
"Ukuusiranji moyo ngati wamasiye?"
Ndinawasimbira. Iwo sanatsegulepo buku
koma zaka makumi awiri akhala akupikula nsomba ku Kachulu.
Sanadzutse n'komwe mutu.
"Nyanja imaphwa, ngongole siiphwa.
Ameneyo anatenga nsomba pangongole kwa mwini ukonde.
Anachoka kuti wolanda mbale ndi mphasa
akamtsate iye kumsewu,
asadzachite zimenezo ana akuona.
Chitenje anasiyira wamkaziyo."

Ndinabwereka tochi.
Tsamba 19, tsamba 112:
bambo wa njinga yofiira akudutsa kawiri pakhomo,
osapereka moni, akuwerenga nkhuku ndi maso.
Mapulofesa onse awiri anamlambalala.
Inenso.

Lolemba ndinafunsa a Namakhwa:
munthu wopanda tsamba, wopanda wosindikiza,
amene mzinda wake ndi benchi yachinayi mumsika wa Zomba,
amalembedwa bwanji?
Anakanda m'mutu, choko chikuwayeretsa tsitsi.
"Dzina, tsiku, malo.
Unene kuti munacheza pakamwa.
Koma umboni wa m'bukumo uuonetse wekha."

Choncho pa mndandanda wa kumapeto,
pamene maina amafola motsata zilembo
osafunsa za digiri,
Amidu, Asiyatu
ali pamwamba pa onse.

"Wandilemba? Nanga a msonkho akaona?"
Anaseka mpaka kutsokomola,
kenako: "Tandionetsa pamene ndili."
Ndinaloza. Anaika chala pamenepo nthawi yaitali,
ndipo atachichotsa
panatsala kamamba ka nsomba pa A woyamba,
kakung'anima.

Sindinakachotse.
Ndinawerenganso pepala lonse ndili pa khonde,
mvula ikutsika kuchokera ku Mulunguzi.
Ndikachotsa za mapulofesa, ndikachotsa za azakhali,
zanga zenizeni ndi mizere isanu ndi iwiri
ya bambo wa njinga yofiira.
N'zochepa, inde.
Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno,
ndipo nditafunsidwanso kuti mawu awa ndi a yani,
ndidzakweza dzanja.